Chikwama changa chitasowa malo m'ndege

Pa ulendo wochokera ku Johannesburg kupita ku Lilongwe ndinalowa m'ndege mochedwa, ndipo ndinapeza timakabati tonse ta pamwamba pa mipando titadzaza, ngakhale kuti chikwama changa sichinapitirire makilogalamu 7 amene anatiloleza. Mayi wothandiza apaulendo anati chikaikidwe kunsi pamodzi ndi katundu wamkulu. Poyamba ndinakana, koma ndinaona kuti ndikungochedwetsa anthu amene anandanda kumbuyo kwanga. Ndinati, "Amayi, ndiloleni nditulutse kaye zofunika," ndipo ndinatulutsa laputopu, pasipoti, mankhwala ndi power bank, popeza mabatire otere saloledwa kunsiko poopa moto. Zonsezi ndinaziika m'jumbo pansi pa mpando wa kutsogolo kwanga, kenako ndinaonetsetsa kuti andipatsa kapepala ka nambala ya chikwamacho, kamene ndinakamata pachikuto cha pasipoti.