Musanadzale mphesa kuno ku Dedza, onani kaye za ku Franschhoek

Anthu akhala akundifunsa kuti achimwene, poti munagwirako ntchito m'minda ya mpesa ku Joni, kodi kwathu kuno ku Bembeke mphesa zingachite? Zingachite ndithu koma osangotengera zonse za kumeneko ayi, nyengo yawo ndi yathu ndi zosiyana kutalitali.

Ine ndinali ku Franschhoek, chigwa chomwe mapiri anachizinga mbali zitatu, pafupifupi makilomita 75 kuchokera ku Cape Town. Kale ankakutchula kuti Olifantshoek chifukwa kunkafika njovu, dzina linasintha atabwera anthu a ku France othawa nkhanza za chipembedzo mu 1688 Adatchi n'kuwagawira malo m'chigwamo. Koma tisamaiwale kuti khasu lenileni m'minda imeneyo ankagwira ndi akapolo.

Yambani ndi mvula, nkhani yonse yagona pamenepa. Kumeneko imagwa nthawi yozizira, Juni mpaka Ogasiti, mpesa utayoyola masamba uli m'tulo. Pomwe zipatso zikupsa, Januwale mpaka Malichi, kumakhala kouma gwaa ndiye pali chimphepo china amati Cape Doctor chimawomba mpaka chipewa kuuluka, chimenecho chimaumitsa masamba matenda osagwira. Kuno mvula ya Disembala imapeza mphesa zikupsa kumene, zimamwa madzi n'kung'ambika, pakangotha masiku ochepa tsango lonse lavunda likununkha ngati chibuku, zimapweteka mtima abale. Ndiye sakani mtundu wocha msanga, mudulire chakumapeto kwa Julaye chisanu chikamachepa, pa kanthambi kalikonse siyani maso awiri basi, kenako muzithirira kuyambira Ogasiti kuti zipse mvula isanalimbe.

Malo ake osati kudimba chonde. Tonse tikudziwa mmene chisanu chimakhalira m'madambo mu Juni, mpweya wozizira umatsikira kumunsi, komanso mpesa umadana ndi madzi ojejemera pamizu. Pezani kamtunda kotsetsereka koyang'ana kumpoto komwe dzuwa limafikapo tsiku lonse, ngakhale pali timiyala palibe vuto, minda yambiri yabwino ku Franschhoek ili m'mphepete mwa mapiri momwemo. Kumbani dzenje lofika m'chiuno mudzadzemo madzi madzulo, mukapeza mawa lake madzi adakali pompo, pasiyeni pamenepo.

Za mbande, funsani ngati ndi zomezanitsa. Mu 1886 kachilombo kodya mizu kotchedwa phylloxera kanalowa m'minda ya ku Cape n'kusakaza kwambiri, alimi anapulumukira kumezanitsa mpesa wawo pa mizu ya mpesa wa ku America, mpaka lero amatero.

Imikani mapolo mukoke waya kuti mpesa ukwere m'mwamba, masango asamakhudze dothi, ndipo muzithothola masamba ena ozungulira tsango kuti mphepo izidutsa poti Cape Doctor ife tilibe. Mvula ikayamba muzizungulira munda m'mawa uliwonse mukutembenuza masamba, mukaona timadontho tachikasu pamwamba ndi zoyera ngati ufa kunsi kwake poperani mankhwala a kopa msanga, monga mmene timathamangira ndi chiwawu cha kachewere.

Zipatso zenizeni muyembekezere chaka chachitatu, timasango tikatuluka chaka choyamba tichotseni kuti mphamvu ipite kumizu. Ine ndinayamba ndi mitengo 20 yokha kuseri kwa nyumba, nanunso yambani ndi yochepa choncho muone kaye mmene malo anu akuyankhira.