Kuphunzitsa wosoka malona ndi matenti

Wophunzira ayambe ndi kuzindikira nsalu. Lona wa PVC (mtundu wa pulasitiki), monga wolemera magalamu 650 pa sikweya mita, amamatidwa ndi mpweya wotentha, pamene nsalu ya acrylic yotchingira dzuwa nthawi zambiri imasokedwa. Pomata, mbali ziwiri zimene zikulumikizidwa zisanjikizane mamilimita 25 mpaka 40. Asanakhudze lona weniweni, amate kaye kachidutswa, kazizire, kenako akakoke ndi manja. Kakamatuka mosavuta ndiye kuti moto wachepa kapena wayendetsa makina mothamanga. Kakapsa ndi kukhwinyata, moto wachuluka.

Posoka pamafunika makina a walking foot (amene phazi lake lopanira nsalu limayenda limodzi ndi nsaluyo), singano ya nambala 20 kapena 22, ndi ulusi wa polyester wopirira dzuwa. Wa nayiloni ayi, umatha mphamvu padzuwa nsalu ikadali yolimba. Singano izilumpha mamilimita pafupifupi 6, chifukwa mabowo othinana amafooketsa nsalu, ndipo mphepo ikawomba imang'ambikira pomwepo.

Ambiri amaluza powerengera mtengo wolipiritsa kasitomala. Wophunzira aiwerengere nsalu potengera mulifupi mwa mpukutu, osati kukula kwa tenti kokha, popeza zidutswa zotsala podula zalipiridwanso. Asaiwale mphete, zingwe, ndi maola okayeza komanso okamanga.