Foni yadzadza muli mkati moedita vidiyo? Umu ndi mmene ine ndimapezera malo

Mwakhala maola atatu mukudula ma clip, nyimbo mwaika, nde pofika pa export, potulutsa vidiyo yomalizidwa, foni n'kukuuzani kuti malo atha. Musathamangire kudilita zinthu mwachisawawa, yambani mwalowa mu Settings pa Storage muone chomwe chikudya malowo. Kawirikawiri ndi mavidiyo omwe munajambula nokha. Pa iPhone mphindi imodzi ya 4K pa 60fps imadya pafupifupi 400MB, pomwe 1080p pa 30fps ndi 60MB basi. Ngati vidiyoyo ikungopita pa status, 4K ndi yachani?

Kenako mu Settings momwemo pitani pa app yomwe mumaeditira, kaya CapCut kaya InShot, muchotse cache, timafayilo tosakhalitsa tomwe app imasunga. Pa Android mabatani ake ndi awiri ndipo amakhala moyandikana, Clear cache ndi Clear data. Dinani woyambayo. Wachiwiriyo amasesa zonse, ma project omwe.

Tsopano apa mpomwe ine ndinapsa. Ndinkaganiza kuti ndikalowetsa ma clip mu project ndiye kuti app yawasunga mkati mwake, nde ndinapita ku gallery n'kudilita ma clip onse oyambirira, n'kukhuthulanso trash kuti malo apezeke msanga. Malo anapezekadi. Kubwerera ku project, timeline, mzere womwe ma clip amandandalikidwa, yonse ili mbuu, clip iliyonse ikuti fayilo sikupezeka, chatsala ndi nyimbo ndi mawu omwe ndinalemba pamwamba. Kumeneko kunali kuphunzira mochedwa kuti project simasunga vidiyo, imangoloza pomwe vidiyoyo ili mufoni, mukaichotsa kapena kuisamutsira foda ina ulalo waduka. Ndiye lamulo langa pano ndi ili: export kaye, onerani vidiyo yonse mpaka kumapeto, ikopeni kwina, kenako ndi pomwe mukhudze ma clip. Ndipo trash musaikhuthule tsiku lomwelo, pa iPhone zodilitidwa zimadikira masiku 30 zisanachokeretu.

Za cloud, kusunga mafayilo pa intaneti, nazo zili ndi msampha wake. Google imapereka 15GB yaulere koma ndi yogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, ikadzadza ngakhale ma email amasiya kulowa. iCloud ya pa iPhone yaulere ndi 5GB yokha. Mu Google Photos gwiritsani ntchito Free up space, imachotsa mufoni zokhazo zomwe zakwera kale ku cloud, pomwe mukadina delete wamba zimachoka konsekonse. Koma ma clip a project yomwe simunamalize nawonso amachoka mufoni, nde samalani. Ine foda ya ma export ndinaithimitsa backup, chifukwa vidiyo imodzi ndimaitulutsa kanayi ndikukonza tinthu ting'onoting'ono, zonsezo kumakwera n'kumadya malo ndi bandulo yomwe.

Kulipira malo owonjezera mwezi ndi mwezi ine ndimaona ngati kuwononga ndalama, bola flash ya OTG, yomwe imalumikizika ku foni, kapena memori kadi. Koma chenjerani ndi makadi otchipa modabwitsa aja, amalemba 128GB ndipo foni imaonetsadi choncho, koma mukadutsa malo ake enieni mafayilo amayamba kuwonongeka mwakachetechete. Kuti muyese kadiyo, ikanimo mavidiyo ambiri tsiku loyamba, muwatsegule mmodzimmodzi.

Zotsalazo mukuzidziwa. WhatsApp, Manage storage, chotsani mavidiyo a m'magulu. Downloads. Ma project akale omwe munaposta kale, dilitani.