Mmene Mungadzitetezere ku Kutentha ndi Madzi Osefukira ku Ngabu

Ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, choncho ntchito yolemetsa muziigwira mbandakucha, dzuwa lisanakwere. Madzi akumwa muziwasunga mumtsuko wovundikira bwino, ndipo muuike pamchenga wonyowa pamthunzi, pakuti chinyezi chotuluka m'dothi la mtsukowo chikamauma, chimaziziritsa madzi amene ali m'kati. Ana ndi okalamba azimwa pafupipafupi ngakhale asanamve ludzu. Munthu akayamba chizungulire kapena kubwebweta, mugonekeni pamthunzi, mumuthire madzi ndi kumukupiza, kenaka muthamangire naye kuchipatala.

Kumunda, musafulumire kubzala ndi mvula yoyamba, chifukwa kawirikawiri imadula mbewu zitangomera. Mapira ndi mchewere zimapirira ng'amba kuposa chimanga, ndipo kuphimbira nthaka ndi mapesi kumasunga chinyezi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti dera louma lomweli limasefukiranso, monga zinachitikira ndi namondwe Ana mu Januwale 2022 komanso Freddy mu Marichi 2023. Mitsinje imadzaza ndi madzi ochokera kumapiri ngakhale kwanuko kusanagwe dontho, kotero chenjezo likamveka pawailesi, tengani ziphaso ndi mankhwala n'kusamukira kumtunda kusanade.