Momwe mpingo ungakonzere thandizo la anthu okhudzidwa ndi madzi osefukira

Namondwe wa Freddy atakantha chigawo chakumwera mu Malichi 2023, n'kukokolola nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre komanso m'midzi ya ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, mpingo wathu kuno ku Kasungu unalengeza chopereka chapadera Lamulungu lotsatira. Anthu oposa 600,000 anali atasowa pokhala, ndipo aliyense anabweretsa kangachepe. Ndinali m'gulu la amene anamasula matumbawo, ndipo ndimakumbukirabe mayi wina wa Chigwirizano atanyamula m'mwamba nsapato ya gogoda yopanda inzake, n'kufunsa kuti adzaivale ndani m'matope a ku Nsanje. Zovala zinadzaza chipinda, koma ufa sunakwane matumba atatu. Chifundo chinalipo chochuluka; chomwe chinasowa ndi dongosolo.

Dongosololi limayamba pa nthawi yokolola, osati tsiku limene wailesi yalengeza za ngozi. Anamondwe amene ativutitsa zaka zapitazi anafika m'miyezi yofanana: Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi chaka chomwecho, kenako Freddy. Mtsinje wa Dwangwa, womwe umachokera kuno ku Kasungu, unasefukira ku Nkhotakota chakumapeto kwa Febuluwale 2024. Imeneyi ndi miyezi imene nkhokwe zathu zimakhala zitagona, fodya asanapite ku okushoni, ndipo kupempha chimanga kwa mkhristu amene iye mwini akugula cha pa mbale n'kumusenzetsa katundu wolemera. Choncho mpingo upatule gawo la masika mu Juni kapena Julayi, chimanga, nyemba, soya ndi mtedza zikadali zambiri, uzithire mankhwala a anankafumbwe kapena uziike m'matumba osalowa mpweya, ndi kuzisunga pa mathabwa kuti zisagunde pansi. Ngati mvula yatha popanda ngozi, chakudyacho chikhoza kugawidwa kwa okalamba ndi ana amasiye a m'dera lomwelo.

Ntchitoyi ikhale ndi komiti yaing'ono yosankhidwa poyera, momwe muli amayi, achinyamata ndi mkulu wampingo kapena mtsogoleri wa mphakati. Wosunga makiyi a chipinda asakhalenso wolemba m'kaundula, ndipo ndalama zisatuluke popanda anthu awiri kusainira. Ena amaona ngati malamulo otere akusonyeza kusakhulupirirana pakati pa abale. Ine ndimaona kuti amateteza mbiri ya msungichuma wokhulupirika, chifukwa mphekesera za thumba limodzi losowa zimatha kupha mtima wopereka wa mpingo wonse kwa zaka zingapo.

Ngozi ikagwa, funsani musanasonkhe china chilichonse chowonjezera. Nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, imagwira ntchito kudzera ku maofesi a ma DC ndi makomiti a kwa mfumu yaikulu ndi a m'midzi, ndipo kumeneko ndi komwe kumakhala mndandanda wa misasa, chiwerengero cha mabanja ndi zomwe zafika kale. Mipingo ikuluikulu ilinso ndi nthambi zake zachitukuko, monga CADECOM kwa Akatolika ndi ADRA kwa a Seventh-day Adventist, ndipo masinodi a CCAP ali ndi zawo. Kudzera mwa amenewa mudzadziwa msasa umene waiwalika. Kawirikawiri misasa ya m'mphepete mwa msewu wa tala imalandira kangapo, pomwe ya kutsidya kwa mlatho woduka imangomva kuti galimoto zadutsa.

Posankha katundu, ganizirani za mayi amene wagona m'kalasi ya sukulu ndi ana atatu, alibe mtondo, alibe poto, ndipo chigayo chapafupi chilibe magetsi. Vuto la magetsi si lopeka, pakuti namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira ndipo dziko lonse linaona kuzimazima kwa nthawi yaitali. Mayi ameneyu chimanga cha maso sichimuthandiza msanga, choncho gayitsani mgaiwa masiku ochepa ulendo usanachitike, muuyanike uume bwino, chifukwa ufa wachinyontho umachita nkhungu m'njira. Nyemba zimadya nkhuni zambiri pamene nkhuni zonse zanyowa, n'chifukwa chake ndi bwino kuphatikizapo usipa wouma, soya pisi, mchere, mafuta ophikira ndi Likuni Phala wa ana. Zidebe zovundikira, sopo ndi mankhwala othira m'madzi akumwa monga WaterGuard n'zofunika mofanana ndi ufa, pakuti madzi akasefukira zimbudzi zimagwa ndipo zitsime zimaipitsidwa. Freddy anafika dziko lili kale pa mliri wa kolera umene unayamba mu 2022. Musaiwale maneti a udzudzu, mabulangete, zitenje ndi mapadi a amayi ndi atsikana, zomwe komiti ya abambo okhaokha imaiwala pafupifupi nthawi zonse. Zovala zichapidwe ndi kusankhidwa mwa misinkhu, ndipo chimene simungaveke mwana wanu chitsale.

Nkhani ya mayendedwe imafuna masamu. Ku Nkhotakota n'kufupi, msewu wa M18 ukakhala wabwino, ndipo lole imodzi ikhoza kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo. Ku Nsanje n'kutali kwambiri, kotero kuti mtengo wa hayala ndi mafuta ukhoza kudya gawo lalikulu la chopereka. Zikatero ndi nzeru kugulitsa chimanga konkuno ndi kutumiza ndalamazo kudzera ku banki, Airtel Money kapena Mpamba, ku nthambi ya mpingo yomwe ili kale pamalopo, osati ku nambala imene yangofika pa WhatsApp popanda woitsimikizira.

Pogawa, tsatirani kaundula wa komiti ya pamsasa, ndipo oyembekezera, oyamwitsa, okalamba ndi aulumali alandire poyamba. Musafunse munthu kumene amapemphera. Msilamu ndi amene sapita ku tchalitchi kulikonse ali ndi njala yofanana ndi ya mkhristu wa mpingo wanu, ndipo pemphero likhale lalifupi, lisasanduke mtengo wogulira thumba la ufa. Lengezani mokweza kuti katunduyu ndi waulere, kuti aliyense wopempha ndalama kapena thupi la mayi posinthana ndi dzina m'kaundula akanenedwe ku polisi. Zithunzi jambulani mutapempha chilolezo, makamaka za ana.

Mukabwerako, werengani lipoti pamaso pa mpingo wonse, kutchula zomwe zinasonkhedwa, zomwe zinagulidwa ndi malisiti ake, ndi mabanja amene alandira. Kenako sungani kangachepe ka ulendo wachiwiri cha mu Epulo kapena Meyi, pamene misasa ikutsekedwa ndipo anthu akubwerera ku minda yokwiririka ndi mchenga. Pa nthawiyo amafuna makasu, mapepala apulasitiki ofolerera, mbewu ya chimanga chocha msanga, nyemba ndi mbewu ya mbatata, kuti adzale m'madimba chinyontho chisanathe.