Mwendo wa tebulo la chipboard wazuka? Umu ndi momwe mungaukonzere

Matebulo ambiri otchipa omwe tikugula masiku ano, aja owala bwino pamwamba, si athabwa lenileni ayi, ndi chipboard. Ndi tizidutswa ta mitengo ndi utuchi zomwe amazisakaniza ndi guluu nkuzipanikiza pa makina, kenako pamwamba nkumatapo melamine, kapulasitiki kopyapyala kolimba, kuti lizioneka bwino. Ndiye vuto lake limayambira pa miyendo. Mwana akatsamira, kapena mwalikoka pokolopa mmalo molinyamula, masikuluwu amayamba kugwedera, tsiku lina mwendo wonse umangozuka nkusiya dzenje lofumbutuka.

Musathamangire kubwezera sikuluwu yaikulu pa bowo lomwelo, ndipo msomali ndiye ayi ndithu. Chipboard ikanyenyeka ilibenso mphamvu yogwira chitsulo, mukakhomamo msomali mungoing'amba zambiri. Sikuluwu ikufunika ipeze thabwa latsopano loti ilume, ntchito yonse yagona pamenepo.

Choyamba tembenuzani tebulolo, yalani bulangete kapena katoni pansi kuti pamwamba pasakalike. Chotsani mwendowo ndi kachitsulo kake kaja kogwirira, ndipo yang'anani bwino pomwe pazukapo. Gwirani ndi chala. Ngati bolodi yafufuma ndi madzi mpaka ikumveka ngati buledi wonyowa, isiyeni iume kaye masiku angapo pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa la phwee. Kenako palani zonse zofumbutuka ndi mpeni kapena sikuludilaiva mpaka mufike polimba, uzirani fumbi lonse lichoke, chifukwa guluu sagwira pa fumbi.

Ngati bowo langokula pang'ono, sikuluwu ikungozungulira osalimba koma mmbali muli bwino, ntchito yake ndi yochepa. Tengani mitengo ya machesi, dulani kumutu kuja, ivikeni mu guluu wa matabwa woyera uja, Ponal kapena wina aliyense wa mtundu umenewo, muilowetse mubowomo mpaka mudzaze thi. Dulani zotsala kuti pakhale poti see, dikirani mpaka mawa ndiye mumange. Izi zimagwira pa katebulo ka pakona kapena ka TV, koma tebulo lodyera lomwe anthu amayedzamira tsiku ndi tsiku, ine sindingakulimbikitseni.

Pamene pazuka chidutswa chonse, njira yomwe ndimaikhulupirira ndi yoika pansi pa tebulo kathabwa ka plywood, thabwa lija la magawomagawo omatidwa pamodzi. Pitani kwa kalipentala wa mdera lanu mupemphe zotsala za plywood ya 12 mm, nthawi zambiri amakhala nazo zangounjikana pakona, akuduleni masikweya a 15 cm mbali zonse. Ku hadiweya mugule masikuluwu a chipboard, aja a mazinga otalikirana, sandipepa ndi guluu. Dzenje lija lidzazeni kaye, sakanizani guluu ndi utuchi zikhale phala lolimba, kapena gwiritsani ntchito Pratley Putty, phala lomatira lomwe limauma gwa, ngati muli nayo, mudzaze nkusalaza kuti plywood idzagone bwino popanda mphako pansi pake. Mulole ziume.

Apa pali chinthu chomwe ambiri amachidumpha. Ngati pansi pa tebulo palinso melamine kapena kapepala koterera, guluu wa matabwa sagwira pamenepo olo mutathira botolo lonse. Kwechani ndi sandipepa malo onse omwe plywood ikhalepo mpaka kuwala kuja kuthe, pakhale pokhakhala, ndiye pukutani. Pakani guluu mbali zonse ziwiri, pa tebulo ndi pa plywood, osachulutsa kwambiri koma pafike paliponse, gwirizanitsani, mumange ndi masikuluwu anayi kapena asanu ndi imodzi mmbali mwa sikweyayo, kutali ndi pomwe panazuka paja, kuti alowe mu bolodi yomwe idakali yamoyo.

Kutalika kwa sikuluwu muyeze musanamange chonde. Matebulo ambiri otere pamwamba pake ndi 16 mm kapena 18 mm, ndiye mukaonjezera plywood ya 12 mm zikukwana 28 mm kapena 30 mm, sikuluwu ya 25 mm ikhala bwino, ya 30 mm itulukira pamwamba nkuononga tebulo lonse. Yambani mwaboola kabowo kakang'ono kotsogolera, kochepera kuposa sikuluwuyo, ngati mulibe dilu bwerekani kapena boolani ndi kamsomali kakang'ono mosamala. Ndipo pomanga malizitsani ndi dzanja, ikangolimba siyani pomwepo, mukapitiriza kupotokola mazinga adya bolodi ija nkubwereranso pavuto lakale.

Ikani chinthu cholemera pamwamba pa plywood, njerwa zingapo kapena chigubu chodzaza madzi chotseka bwino, musiye maola 24. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kuona zotsatira msanga koma guluu akamaoneka wouma kunja mkati amakhala asanakhwime. Mawa lake ndiye mangani kachitsulo ka mwendo kaja pa plywood, masikuluwu ake tsopano akuluma thabwa la magawomagawo lomwe silifumbutuka.

Tsopano mwendo umenewu watalika ndi 12 mm kuposa inzake, tebulo lizipendama. Mutha kuudula pang'ono ngati uli wathabwa, koma ine ndimati ikani plywood pa miyendo yonse inayi basi, chifukwa mwendo umodzi ukazuka dziwani kuti inzake ilinso mnjira, zidutswa zinayi za plywood sizingakugwetseni mphwayi.

Ilipo njira ina yolimba kwambiri, kuboola tebulo mpaka pamwamba nkudutsitsa mabauti okhala ndi mitu yozungulira, pansi nkuika washa yaikulu ndi nati. Mitu ya mabautiyo imaonekera, ndiye ndi yabwino pa tebulo la mu shopu, la makina osokera kapena lomwe mumayalapo nsalu nthawi zonse.

Mukalitembenuza likhale anthu awiri, mulinyamule mmwamba ndithu ndipo miyendo yonse ifike pansi nthawi imodzi, osalipendeketsa pa mwendo umodzi. Mmphepete momwe chipboard ikuonekera poyera pakanipo vanishi kapena penti kuti madzi okolopera asalowemo, ndipo pakatha mwezi mudzayesenso masikuluwu aja ndi dzanja ngati ena afooka.