Mwamaliza maphunziro a EMT? Umu ndi momwe mungapezere ntchito yoyamba ya pa ambulansi mu Blantyre

Satifiketi ili m'manja, abale akuyamikirani, koma mukatsegula The Nation kapena The Daily Times simukuona paliponse pamene alemba kuti akufuna EMT (Emergency Medical Technician, wopereka chithandizo cha mwadzidzidzi pamalo a ngozi ndi mu ambulansi). Musadabwe. Kuno kwathu ambulansi zambiri zimayenda ndi dalaivala ndi namwino basi, ndipo mabwana ena sanazolowere kuti pali munthu amene anaphunzira ntchito yeniyeni yosamalira wodwala m'njira. Ndiye kuwonjezera pa kufunsira ntchito, muli ndi udindo woonetsa olemba anthu kuti m'galimotomo muli mpata wanu.

1. Yambani ndi mapepala

Lembetsani ku Medical Council of Malawi, kapena ku Nurses and Midwives Council ngati munayamba ndi unamwino musanachite za EMT. Chipatala cholongosoka sichingakupatseni wodwala mulibe umboni woti munalembetsa, komanso chilolezocho chimafunika kuchilipirira chaka ndi chaka. Jambulitsani satifiketi, MSCE ndi chiphaso cha unzika, mukadinditse kwa majisitireti kapena kwa loya. Pangani makope ambiri kamodzi, chifukwa envulopu imene mwasiya pa ofesi sibwerera.

2. Laisensi yoyendetsera galimoto

Apa ndi pamene ambiri amatsalira. Kampani imene ili ndi ambulansi imodzi kapena ziwiri imawerengera ndalama: munthu wodziwa kuika wodwala pa okosijeni, amenenso angagwire chiwongolero mnzake akatopa, ndi wotchipa kuposa anthu awiri. Ngati mulibe laisensi, ndalama yoyamba imene mungaipeze ipite ku sukulu yoyendetsa galimoto. Kenako pitani ku Road Traffic ku Ginnery Corner mukafunse za PrDP, chilolezo cha oyendetsa galimoto ngati ntchito. Phunzirani galimoto ya magiya a manja. Land Cruiser ya chipatala siidziwa zoti inu munazolowera otomatiki.

3. Dziwani makomo ogogoda

Ntchito za boma zimalengezedwa, ndipo zimadutsa ku Health Service Commission kapena ku Local Government Service Commission ngati ndi za pansi pa khonsolo. Unduna wa Zaumoyo unayambitsa ntchito ya ambulansi za pangozi mumsewu wa M1 pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, ija ya nambala 118, ndipo kumeneko ndi kumene dzina la EMT limadziwika bwino. Koma boma limalemba anthu pa nthawi yake, osati yanu, choncho musakhale pansi n'kumadikira.

Yendani wapansi. Kuli Mwaiwathu, kuli Blantyre Adventist, kuli Mlambe ku Lunzu imene ili pansi pa CHAM (bungwe la zipatala za mipingo), kuli MASM (bungwe la inshuwaransi ya zaumoyo), kuphatikizapo makiliniki ang'onoang'ono a ku Limbe ndi m'tauni. Musaiwale kunja kwa mzinda: minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje, komanso ya nzimbe ku Nchalo, ili ndi makiliniki a antchito awo, ndipo wodwala akafooka amayenera kuthamanga naye mtunda wautali. Ulendo wa ola lathunthu kapena kuposerapo ndi umene umafuna munthu wa maphunziro anu kumbuyo kwa galimoto. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Mukafika, musangosiya envulopu kwa mlonda. Pemphani mwaulemu kuonana ndi a metironi kapena oyang'anira magalimoto, nenani dzina lanu ndi zimene munaphunzira m'mawu ochepa, ndipo funsani ngati amatenga anthu a locum, ogwirizira ntchito kwa kanthawi mwini wake kulibe. Ntchito zambiri zokhazikika zimayamba ndi usiku umodzi womwe wina wadwala.

4. Manja asazizire

Ili ndiye gawo lomwe ndimalimbikira kwambiri. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi musanagwire wodwala, manja amaiwala, ndipo pa intavyu zimaonekera. Dziperekeni ku Malawi Red Cross Society kapena ku St John Ambulance. Tsiku limene Bullets ikukumana ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium, pamisonkhano ikuluikulu ya mipingo, pamipikisano yothamanga, pamafunika anthu a chithandizo choyamba. Ndalama yake ndi ya minibasi ndi botolo la madzi, nthawi zina palibiretu, koma mumakumana ndi anthu amene mawa adzakuimbirani. Amene anali ku Chilobwe m'mwezi wa Marichi 2023, namondwe Freddy atagumula phiri la Soche, amadziwa kuti pa tsiku loipa palibe amene amayamba wafunsa satifiketi. Amaona amene akudziwa kunyamula munthu wothyoka msana, ndipo amamukumbukira.

Gulani kabuku. Lembani tsiku, malo, vuto limene munapeza ndi zimene munachita, popanda dzina la wodwala, ndipo wamkulu wa gulu asainire. Wina akadzati "tikufuna wa experience ya zaka ziwiri", inu mudzaika kabukuko patebulo. Anthu osainirawo ndi amenenso adzakhale mboni zanu pa CV, m'malo mwa amalume anu.

5. Kalata ndi CV

Tsamba limodzi kapena awiri. Lembani zimene manja anu amatha: CPR (kutsitsimutsa munthu amene mtima ndi kupuma zaima), kuletsa magazi, kumanga wothyoka, kuyeza BP ndi shuga, kuthandiza mayi woyembekezera amene matenda amuyambira m'njira. Ikani nambala ya foni imene imagwira nthawi zonse.

6. Intavyu

Yembekezerani funso longa ili: wakabaza wawombana ndi minibasi pa Chichiri, anthu adzadza, mutani? Musathamangire ku bala looneka. Yambani ndi chitetezo chanu ndi cha pamalopo, magolovesi, kenako magazi otuluka mwamphamvu, njira ya mpweya pamodzi ndi kuteteza khosi, kupuma, kayendedwe ka magazi. Nenani mokweza ndondomeko yonse, mpaka momwe mungaperekere wodwalayo kwa a ku AETC, gawo la akuluakulu ovulala ndi odwala mwadzidzidzi ku Gulupu (Queen Elizabeth Central Hospital): zaka zake, chimene chachitika, zimene mwapeza, zimene mwachita, ndi nthawi yake. Chimene simunaphunzire, nenani kuti simunaphunzire ndipo mungaitane wamkulu. Wonama pa mankhwala amagwidwa ndi funso lachiwiri.

Dziwaninso mzinda. Blantyre ilibe chipatala cha boma chachikulu china chotumizako odwala kupatula Gulupu, choncho a ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni ndi Mpemba onse amathera komweko. Akakufunsani njira yochokera ku Bangwe 5 koloko madzulo, Chipembere Highway itadzadza, mukhale ndi yankho.

Inunso funsani: mashifiti ndi a maola angati, ausiku amalipira bwanji, m'galimoto muli zipangizo zanji, katemera wa Hepatitis B amapereka ndani, ndipo mukabayidwa ndi singano PEP (mankhwala oteteza kutenga HIV) mumailandira kuti. PEP imayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndiye si nkhani yofunsa zitachitika kale.

7. Akuba a pa WhatsApp

Uthenga ukabwera woti dzina lanu latuluka koma mutumize kaye ndalama ya fomu kapena ya yunifomu pa Airtel Money kapena Mpamba, musatumize. Imbani nambala ya ofesi imene akuitchulayo, kapena kwerani minibasi mukafunse nokha pakhomo. Ndipo mukaipeza ntchito yeniyeni, musayambe shifiti yoyamba musanaone kalata yonena malipiro ndi kutalika kwa nthawi yoyesedwa.